Nkhoswe wa mu Kaseti ndi Nkhuku ya ku Walsall

Anthu akamanena kuti ku Mangalande misewu ndi yosalala ndipo ulendo sutopetsa, ine ndimangowayang'ana, chifukwa kukangana ndi munthu amene Ulaya anamuonera pa kalendala n'kutaya malovu. Ine ndinayendako. Kuchoka ku Kings Heath, mu Birmingham, kukafika ku Stoke akuti ndi ola limodzi ndi kachidutswa. Ife tinanyamuka mame asanakamuke, tinakafika dzuwa litapendeka, tikununkha ngati khola, m'makutu mwanga mutalowa chinthu chimene mpaka lero sichinatuluke.

Chinali chaka cha 1996, mwezi wa Julaye. Sindinapiteko kukadya masikono ayi. Mlongo wanga Nangozo ali ndi ana awiri kumeneko. Wamkulu ndi Giresham, wokhala ku Kings Heath kuja, amene anaphunzira za mainjini mpaka tsitsi linathothoka. Wamng'ono ndi Tadala, namwino pa chipatala chachikulu cha ku Stoke. Tadalayo anapeza mwamuna, ndipo poti mwini mbumba ndine, ananditumizira tikiti kuti ndikakhale nkhoswe.

Mlongo wanga cholembera amachiopa ngati njoka, ndiye mawu ake anawajambulitsa pa kaseti n'kundipatsira pa depoti ya ku Mchinji. Ndinawamvera mpaka kuwaloweza: "Achimwene, munthuyo akhale woyera, akhale wobiriwira, ine ndilibe nazo kanthu. Koma akhale ndi mwini wake. Mukakapeza kuti ndi wongotola pamsewu, wopanda wachibale woti tidzamugwire pa mkono zinthu zikadzavuta, nkhuku musapereke. Mwana wanga mubwere naye."

Kwa inu ana obadwira m'tauni, za nkhukuzo zili tere. Pa chinkhoswe akuchimuna amabwera ndi tambala, ife akuchikazi timapereka msoti, wamoyo. Msotiwo ukachoka m'manja mwanga kupita kwa nkhoswe wakuchimuna, ukwati wamangika. Ukakhala m'khwapa mwanga, kulibe ukwati, kaya anthu agula kale masuti. Ndiye ukwati wa Tadala unali m'khwapa mwa ine, munthu wolekeza Sitandade 3, ngakhale Sitandade 3 ya nthawi yathu ndi digiri ya masiku ano.

Loweruka m'mawa tinalowa m'galimoto ya Giresham. Injiniya ameneyu anali ndi galimoto yofiira imene chitseko chake chimodzi ankachimanga ndi waya. Mmisiri wa mphasa amagonadi pa chiguduli. Titangolowa mumsewu wautali wa masitolo wa pa Kings Heath paja, anayamba kukanda m'khosi.

"Amalume, pali ka-issue kakang'ono."

Mwana wa sukulu akati kakang'ono, mangani lamba.

"Amalume ake a Ramiro sabwera. Ndege amaiopa, ndiye atumiza meseji yawo pa kaseti."

Ramiro ndiye mkamwiniyo, mnyamata wopima magazi pa chipatala chomwecho cha Tadala. Kwawo ndi ku Texas, koma si Mmereka wa m'mafilimu ayi. Akuti mtundu wawo ndi Atehano, amalankhula Chisipanishi, ndipo abale awo ena ali tsidya lina ku Mexico, poti kunabwera anthu n'kujambula malire pakati pa minda yawo monga anachitira nafe ku Mchinji. Mpaka pamenepo ndinkamumvera chisoni. Koma za kasetizo zinandiwawa ngati mbola.

"Iwe Giresham, ine ndawoloka nyanja, ndadya chakudya cha m'kambale ka pulasitiki, ndakodza m'kabati m'mwamba, kuti ndidzakambe ukwati ndi kaseti? Banja likadzagwedezeka ndidzaitana ndani? Mabatire?"

"Ingoimverani kaye, amalume."

Anaikankhira m'wailesi. Munamveka kutsokomola, kenako mawu a nkhalamba, okhuthala ngati a munthu wolankhulira mu mtsuko. Inalankhula timawu toti mukhoza kutiwerenga pa zala. Giresham anandipatsa kapepala kamene Tadala anamasulirapo. Panalembedwa kuti: "Ine ndine Yusebiyo, mlongo wawo wa mayi a Ramiro. Kulankhula sindidziwa. Mverani."

Basi. Wopanda moni wa kwa mfumu, wopanda kufunsa za mvula. Ndisanatukwane n'komwe, m'galimoto munaphulika chiphokoso.

Munamvapo mbuzi itapanidwa pa chitseko? Ndiye muyerekeze kuti mbuziyo yasangalala nako kupanidwako ndipo ikufuna kuti mudzi wonse udziwe. Imeneyo ndiyo kodiyoni yawo, choimbira chija choliza mokoka ndi kukankha. Inkathamanga kukwera ndi kutsika ngati gologolo womwa kachasu. Kumbuyo kwake ng'oma ikungoti tsa, tsa, tsa, ngati munthu wopuntha thumba la nyemba. Kenako amuna awiri anayamba kuimba m'mphuno, wina n'kukuwa kuti ayayayaaa ngati waponda khala la moto.

"Wafa ndani?" ndinafunsa.

"Palibe, amalume. Amati konhunto. Ndi bandi ya pabanja pawo, amaimba m'maukwati ndi m'maholo a anthu othyola thonje."

"Zimitsa."

Anazimitsa. Koma mtima wake unali utasokonezeka, moti titafika pa mphambano ina pamene misewu inapiringizana m'mwamba ngati matumbo a nkhuku, analowa njira yolakwika. Tinazungulira, tinatsika, tinakweranso, n'kudzapezeka pamalo omwe aja. Nyumba ina yosanja yokhala ndi kabudula wobiriwira pawindo ndinaidutsa katatu, kachitatuko ndinaipatsa moni.

Ku Walsall tinafika cha m'ma naini. Kumeneko n'kumene kunali nkhuku. Musaseke, ku Mangalande nkhuku yamoyo ndi yosowa kuposa munthu woona mtima. Zonse amazigulitsa zitavulidwa, zitazizira ngati mwala, zopanda mutu ndi zipalapasiro, ngati zapalamula mlandu. Amene anatipezera yamoyo anali Mayi Tembo, mayi wa ku Chipata wa mpingo umodzi ndi Tadala, wogwira ntchito ku nyumba yosungirako nkhalamba. Anakaipempha kwa mkulu wina wa ku Jamaica wolima kadimba kuseri kwa njanji.

"Ba malume, mwafika! Nkhalani, nibwera manje manje."

Manje manje wa ku Chipata ndi maola awiri. Tinakhala pa sofa, tinamwa tiyi, tinaonera pa TV azungu akuphika chakudya chooneka ngati chimene galu wabweza. Atatuluka Mayi Tembo anali atavala duku lotalika ngati chulu, atadzithira perefyumu woti ntchentche zinkagwa zokha. M'manja ananyamula katoni. Ndinawerenga zolembedwa pambali pake ndi Chingerezi changa cha ku migodi, n'kufunsa Giresham ngati ndawerenga bwino. Anayang'ana pansi. Inali katoni yobweramo matewera a anthu akuluakulu.

"Ni ya ku nchito, ba malume, yoyera bwino. Simuona mabowo napanga?"

Ukwati wa mwana wa mlongo wanga, m'katoni ya matewera a nkhalamba! Ndinatsegula kuti ndione msotiwo. Ndinaona khosi lopanda nthenga, miyendo ya mamba ngati ya ng'azi, ndi diso limodzi londiyang'ana mwa chipongwe.

"Mayi, uyu si msoti. Uyu ndi mnzanga, tinavinidwa chaka chimodzi."

"Awe, ba malume, ikali kuikira. Ngati simuifuna, pitani mukagule ya mu firiji muone ngati izayenda."

Mayi Tembo anakwera nafe, n'kukhala kumbuyo. Katoni anaiika pa miyendo panga, ulendo unapitirira.

Titalowa msewu waukulu wa M6 tinathamanga mwina mphindi khumi. Titadutsa za ku Cannock, zonse zinangoti zii. Magalimoto mizere itatu, kutsogolo osaona mathero, m'mbali atandandalika tizipewa tofiira tosongoka, koma wogwira ntchito ngakhale mmodzi osaoneka. Giresham anati ndi ma-roadworks. Ine ndinati kwathu tikatseka msewu pamakhala maliro, anthu n'kudziwa chimene akudikira.

Tinayenda ngati nkhono. Dzuwa, limene chifikireni changa linkabisala, tsiku limenelo linatuluka ndi abale ake onse. Kenako Giresham anayang'ana kasingano ka patsogolo pake n'kuyamba kutuluka thukuta.

"Ikuovahita. Ndiyatsa hita kuti injini ipume."

"Uyatsa chiyani?"

"Hita, amalume. Imakoka kutentha kwa injini n'kukubweretsa muno."

Zaka zisanu ndi ziwiri za sukulu ya ukachenjede, nzeru yake n'kukhala yowotcha amalume ake kuti chitsulo chipume! Mpweya wamoto unayamba kutiwomba kumaso. Windo la mbali yanga silinkatsika, poti ndi chitseko cha waya chija. Nkhuku, itamva kutentha, inachita chimene nkhuku imachita. Inachita kawiri, kachitatu inachita ndi mtima wonse. Katoni inanyowa pansi, chinyezi chinapyola mpaka pa thalauza langa la suti. Fungo la zitosi linakumana ndi perefyumu wa Mayi Tembo, awiriwo n'kukwatirana pomwepo popanda nkhoswe. Ine ndinagwirapo ntchito pansi pa mgodi ku Joni, pamodzi ndi amuna mazana osasamba, koma fungo la tsiku limenelo linali ndi maudindo.

Kenako nkhuku inapenga. Inayamba kudzimenyetsa m'katoni, kukuwa, nthenga kutulukira m'mabowo. Ndinaiphimba ndi jekete, osatheka. Ndinaiopseza ndi mpeni wa pakamwa, osatheka. Mayi Tembo anati ifa ndi mtima, ndipo nkhuku yakufa sipereka ukwati. Pofuna kuti asamve phokosolo, Giresham anakankhiranso kaseti ija. Kodiyoni inalira, ng'oma inayamba kupuntha nyemba zake.

Nkhuku inangoti duu.

Ndinasuzumira pa bowo. Inali itakhala pansi, diso lija litatsinzina, ngati mayi wa mvano pa ulaliki.

"Zangochitika," ndinatero, n'kuzimitsa. Nkhuku inayambiranso. Ndinayatsa, inakhala chete. Ndinayesa katatu, poti ndine munthu wofufuza.

"Isiyeni chabe ilire, ba malume," anatero Mayi Tembo. "Nkhuku yavomera chikwati, imwe mukali kukana."

Ndi mmene ndinakhalira kapolo wa kaseti. Ikatha mbali imodzi, ine ndemwe ndinkaitembenuza ndi dzanja langali. Ndipo munthu ukakhala m'ndende umayamba kuwerenga njerwa. Ndinayamba kumvetsera, osati mokonda ayi, koma monga umayang'anira chilonda.

Kodiyoni ndinkaidziwa kale. Ku Joni Abesutu ankailiza Lamlungu kuseri kwa kompaundi, ndipo wina anandigwiritsako. Ya mabatani ija ili ndi khalidwe lake: batani limodzi lomwelo ukakankha limalira mwina, ukakoka limalira mwina. Ndiye woliza sangathe kungopita osabwerera, ayenera kupuma ngati munthu. N'chifukwa chake imamveka ngati mwana amene walira nthawi yaitali ndipo tsopano akusisima, koma akuseka pomwepo poti wina wamuonetsa nthochi. Chinthu chopanda ulemu. Chimakulowa pansi pa nthiti osagogoda.

Amuna awiri oimba aja nawo ndinawapeza chinsinsi chawo. Wina pamwamba pang'ono, wina pansi pang'ono, osasiyana, osaphana, ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi. Wina akakhota mnzake wakhota kale.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Tadala anati iyi ndi ya munthu amene mkazi wake wamuthawa," anatero Giresham. "Inayo ndi ya munthu amene wapita kukagwira ntchito kutali, mayi ake amwalira iye kulibe."

"Ndiye akuvina chiyani?"

Chifukwa kumbuyoku Mayi Tembo anali atayamba kale kugwedeza mapewa, duku likuwerama uku ndi uku ngati mlongoti wa sitima.

"Ni pamene yawamira, ba malume! Mau alira, mendo avina. Munthu wathyola thonje sabata yonse, mufuna tsiku la Chiwelu akankhale pansi alire futi? Alira ali chiimire, atagwira mkazi wake."

"N'zauve," ndinatero. "Maliro ndi maliro, chinamwali ndi chinamwali. Anthu osakaniza ziwirizi akhoza kuthira shuga mu therere."

"Nanga mwendo wanu uyo ucita cani?"

Ndinayang'ana pansi. Phazi langa lamanzere, limene ndalisamala zaka makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu, linkagunda pansi mogwirizana ndi adani. Ndinati ndi dzanzi. Ndinaliponda ndi linzake.

"Ndipo ine," ndinapitiriza kuti ndibise manyazi, "nkhoswe wa mu kaseti sindimulandira."

"Mau a amai ake Tadala mwabwera nao mu cani?"

Azimayi a ku Chipata alibe mwambo. Ndinayang'ana pawindo losatsika lija.

Tisanafike ku Stafford galimoto inatsokomola, inatulutsa nthunzi ngati ketulo, n'kufera m'mbali mwa msewu. Nthawi inali itadutsa wani koloko, ndipo chinkhoswe chinayenera kuyamba thwelofu. Giresham anayenda wapansi kukafuna lamya ya m'mbali mwa msewu, ife tinakhala pa udzu kuseri kwa chitsulo, malole akutiwomba mphepo. Chitseko tinachisiya chotsegula kuti nkhuku izimva nyimbo zake. Taganizani, nkhalamba ya ulemu wake, dikoni wopuma, kukhala m'tchire la Azungu kulizira nkhuku gule wa ku Texas.

Wodzatikoka anabwera patatha ola ndi theka, chimzungu chojambulidwa mikono yonse ngati chipupa cha sitolo. Chinali ndi mtima wabwino, chinandigawira chakudya chake: chitumbuwa chozizira, mkati muli nyama ya nkhumba yozunguliridwa ndi zinthu zonjenjemera ngati mamina. Ndinaluma kamodzi chifukwa cha ulemu. Chotsalacho ndinapatsa nkhuku, nayo inakana.

Ku Stafford makaniko anati galimoto idzuka Lolemba, ngati idzadzuke. Giresham anatsala komweko akukambirana nawo Chingerezi cha mainjini. Ine ndi Mayi Tembo anatilozera basi yopita ku Hanley, pakati pa Stoke, yodzera ku Stone. Kaseti ndinaiika m'thumba la jekete. Katoni tinaikulunga m'chitenje.

Dalaivala wa basi anatilipiritsa mapaundi awiri ndi timakobili aliyense, kenako analoza katoni.

"Keke ya ukwati," anatero Mayi Tembo m'Chingerezi, nkhope ili gwa ngati ya woimba kwaya. Dalaivala ananunkhiza, anatiyang'ana, n'kunena kuti ukwatiwo ukhale wamwayi.

Tinakhala kumbuyo. Pafupi nafe panali gogo wachizungu ndi kagalu kovala juzi. Kagaluko kankamunyambita pakamwa, iye n'kumakapsompsona. Anandimwetulira n'kunditcha bakha. Mayi Tembo anandigwira mkono, akuti kumeneko aliyense amamutcha bakha, ndi chikondi. Dziko loti galu ndi mwana, munthu ndi bakha, ine ndinangoti Ambuye, ndibwezereni ku Mchinji.

Mpaka ku Stone keke inali chete. Titangonyamuka pa Stone, kagalu kaja kanatsika pa miyendo ya mayi ake n'kudzanunkhiza chitenje. Keke inati kwee! Kenako inayamba kudzimenyetsa. Anthu anatembenuka. Ndinaona maso a dalaivala pa galasi, ndipo basi inayamba kuchepetsa liwiro.

Apa ndiulule tchimo, poti ndakalamba. Mumtima mwanga munabwera mawu okoma: asiye akutsitseni. Nkhuku ithawire m'minda ya Azungu, iwe ukanene kuti ndi dalaivala. Sudzakana ukwati ndi pakamwa pako, Tadala sadzakuda, mlongo wako adzalandira mwana wake. Ndinali nditagwira kale mfundo ya chitenje kuti ndiimasule pang'ono.

Mayi Tembo ananditsina pa ntchafu. "Imbani!"

"Ndiimbe chiyani?"

"Zija za mu kaseti! Ine mau yanga ni ya soprano, izathawa. Uja mwana Tadala alira kuchokera m'mawa, imwe mufuna mumupeleke katoni ya empty?"

Sindikudziwa ngati chinali chisoni kapena kuopa kutsitsidwa pamaso pa galu wa juzi. Ndinawerama, ndinagunditsa milomo pa katoni ya matewera ija, fungo likundilowa mpaka m'mano. Ndinafuna nyimbo ya kodiyoni, imene inandizunza tsiku lonse. Inali itathawa. Timanotsi take tonse tothamanga tija tinaterereka ngati mlamba, osagwirika ngakhale kamodzi. Ndinafuna mawu a oimba aja, ndinalibe Chisipanishi. Koma pansi pa chifuwa panatuluka chinthu china chimene sindinkadziwa kuti ndachinyamula.

Dum, tsa. Dum, tsa. Dum, dum, dum, dum. Dum, tsa.

Nkhuku inakhala pansi.

Basi inayambanso kuthamanga. Ine ndinapitiriza, mutu uli pa katoni ngati munthu wopemphera, gogo wa galu akuuza anzake kuti ndikudalitsa keke mwa chikhalidwe cha kwathu. Ndipo ndili chiweramire choncho ndinayamba kudzifunsa: chimene ndikuimbachi n'chiyani? Si kodiyoni. Si ng'oma. Chinali chinthu cha nsambo zokhuthala chimene chinkayenda pansi pa nyimbo iliyonse, ndipo tsiku lonse sindinachimve, monga munthu samva mtima wake. Chimagunda pansi, n'kukwapula pamwamba, kugunda pansi, kukwapula pamwamba. Kodiyoni ikapenga n'kuthawira kutchire, icho sichiithamangira ndipo sichiikalipira. Chimangoyenda mayendedwe ake, kenako chimakwera masitepe anayi, dum dum dum dum, n'kukaima pakhomo pamene wopengayo atulukire. Ndipo amatulukiradi pomwepo. Phazi langa lija silinkavinira kodiyoni ayi. Linkatsata mkulu ameneyu. Nkhuku nayo, nkhalamba inzanga, inamuzindikira ine ndisanamuzindikire.

Ndinaimba kuchokera ku Stone mpaka ku Hanley. Pofika, kukhosi kunali ngati ndameza chisononkho.

Nyumba ya Tadala inali mu mzere wa tinyumba ta njerwa togundana ngati mano. Nthawi inali faifi koloko. Mkati munadzaza ana a sukulu, madokotala ndi maloya a mawa, atavala zitenje pamwamba pa majinzi, mpunga utazizira. Tadala anatsegula chitseko maso ali psuu. Anagwada, anayang'ana katoni, anayang'ana thalauza langa. Pakona panaima kamnyamata kakafupi konenepa, kotuluka thukuta, katafumbata tambala chadodolido ngati kanyamula wailesi. Ameneyo ndiye Ramiro. Pambali pake anaika mpando wopanda munthu.

Sindinakhale pansi. Ndinatulutsa kaseti n'kuiika pa mpandowo.

"Tadala, umufunse. Mwa anthu ali umu, Yusebiyo ndi uti? Ngati ndi wa kodiyoni, nkhuku ibwerera ku Walsall. Munthu uja ndamumva tsiku lonse. Ndi waluso, koma ndi wodzionetsa, wokonda kumvedwa, sangadikire mnzake amalize. Ndikumudziwa bwino poti ndi mmene ndilili ine. Ankhoswe awiri otere, banja litha chaka chisanathe."

Ana a sukulu anaseka, koma Tadala sanaseke. Anamufunsa. Mnyamatayo anayankha, Tadala akumasulira.

"Akuti wa kodiyoni ndi bambo ake. Amalume ake amaliza baho sekisito, chigitala chachikulu cha nsambo khumi ndi ziwiri. Chimamveka pansi, mwina simunachimve."

"Ndachimva. Akhala akuliza zaka zingati kumbuyo kwa mlamu wawoyo?"

"Akuti makumi atatu." Mnyamatayo anawonjeza kanthu, akuyang'ana pansi. Tadala anazengereza. "Akuti ndipo sakondana n'komwe. Bambo ake ndi ovuta. Amalumewo analowa bandiyo chifukwa mlongo wawo anawapempha kuti azimuyang'anira mwamuna wake m'maholomo, azibwera naye kunyumba."

Zaka makumi atatu kuyenda kumbuyo kwa mlamu amene sumukonda, osaphonya phazi, chifukwa mlongo wako anakupempha! Ine mlamu wanga, bambo ake a Tadala, ndinkalephera kukhala naye pa mphasa imodzi mpaka mowa uthe.

"Aimbireni lamya."

Kwawoko nthawi inali isanakwane masana. Inalira nthawi yaitali. Kenako ndinamva kutsokomola kuja, ndi mawu a mu mtsuko aja. Ndinauza Tadala kuti amasulire yekha ndi Chisipanishi chake cha chibwenzi, poti mkamwini samasulira mlandu wake.

"Uwauze kuti ndine mwini wake wa mwana uyu. Funso langa ndi limodzi. Mwana wa mlongo wawoyu akadzamulakwira mwana wanga, iwo ndidzawapeza kuti?"

Tadala ananena. Ku Texas kunangoti zii. Ana a sukulu anayamba kuyang'anana. Ine sindinade nkhawa, ndinkadziwa kuti mkuluyo akukwera masitepe ake anayi. Kenako anayankha timawu tiwiri kapena titatu. Tadala anagwira pakamwa, misozi ili mbwe.

"Akuti, kumbuyo kwake. Akuti ndi kumene amakhala."

Ndinamasula chitenje, ndinatulutsa nkhalamba inzanga ija m'katoni, n'kuigunditsa mlomo pa lamya. Inati kwee, mpaka ku Texas. Ndinamva mkuluyo akuseka, kuseka kwa pansi, kamodzi kokha. Ndinaiika pa mpando paja pambali pa kaseti, Ramiro anandipatsa tambala, nthungululu ya Mayi Tembo inagwedeza mawindo a mzere wonse. Nkhuku, pofuna kusindikiza chidindo, inachitira pa mpando pomwepo.

Za chakudya chimene mkamwini anaphika tsiku limenelo, nyama yothira chokoleti ndi tsabola, sindikamba, poti ena mwa inu simunadye. Za kuvina kwawo, kokhwekhwereza mapazi mozungulira chipinda ngati anthu opukuta simenti, sindikambanso.

Nditabwerera ku Mchinji mlongo wanga sanandifunse za ndege kapena za chisanu. Anangoti, "Ali ndi mwini?"

Ndinati, "Ali naye. Nkhope yake sindinaione, koma ndinamunyamula pachifuwa kuchokera ku Stone mpaka ku Hanley, ndipo salemera."

Kaseti ija ndinabwera nayo, poti umboni sautaya. Musaganize kuti ndimaikonda. Mbuzi yopanidwa pa chitseko ndi mbuzi yopanidwa pa chitseko, ndipo anthu ovina nyimbo za maliro ndimanyansidwa nawo mpaka lero. Ndimangoiliza nkhuku zanga zikamavuta. Kungoti nkhuku za pakhomo pano, sindikudziwa zinalodzedwa ndi ndani, zimavuta tsiku ndi tsiku.